Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyang'anira masukulu athu: musataye makompyuta akadali ndi moyo

Mabwana ndi madona oyang'anira maphunziro m'dera lathu lino, a bodi ya sukulu, a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, komanso inu nonse amene muli ndi mawu pa katundu wa sukulu, landirani moni wanga mwaulemu. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndine mphunzitsi wa Computer Studies pa sekondale ina yoyendera, dzina la sukulu sinditchula ndipo sinditchulanso munthu aliyense chifukwa cholinga changa si kuchititsa wina manyazi ayi. Ndalemba poyera chonchi chifukwa makalata awiri amene ndinapereka ku ofesi sanayankhidwe mpaka lero, komanso ndamva kwa anzanga a masukulu ena kuti zatigwera ifezi zikuwagweranso iwo, ndiye bola tikambirane pabwalo aliyense amve.

Nkhani yake ndi iyi. Mwezi wathawu kunabwera anthu awiri kudzayendera labu yathu. Anayatsa makompyuta angapo, anaona kuti ambiri ali pa Windows 10 ena akadali pa Windows 7, analemba zolemba zawo nkumapita. Patatha sabata kunabwera uthenga woti makompyuta onse 24 ndi otha ntchito, sangalandire Windows 11, ndi osatetezeka, achotsedwe akaikidwe m'sitolo, ndipo makolo ayambe kusonkha ndalama zogulira atsopano. Pano ndikulemba pachitseko cha labu pali loko. Ana a Fomu 4 amene anasankha phunziroli pa mayeso a MSCE akuphunzira kompyuta pabolodi, ine ndi choko kujambula mausi ndi kiyibodi ngati mmene tinkachitira kale zipangizozi zisanabwere.

Ndiyambe ndi kuvomereza zomwe alendo aja ananena zoona, chifukwa zilipo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, Windows 7 yokha inasiyidwa kalekale mu Januwale 2020. Kusiyidwa kumatanthauza kuti akuba a pa intaneti akapeza chiboo cholowera m'pulogalamuyo palibenso wobwera kudzatseka monga mwa nthawi zonse, ndipo tinaona mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry itagwira makompyuta osakonzedwa mpaka zipatala zina za ku Britain kubweza odwala. Ndi zoonanso kuti Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ya cha mu 2017 kubwera kuno, pomwe athuwa ndi ma Dell ndi ma HP akaunjika amene anayamba atumikira m'maofesi a kunja asanafike kuno. Apo palibe mtsutso. Pomwe ndikusiyana nanu ndi pa chigamulo chokhacho. Windows si kompyuta. Kompyuta ndi chitsulo chija, Windows ndi pulogalamu chabe yoyendetsa chitsulocho, ndipo mapulogalamu otere alipo ena. Netiweki ya kampani ina ikasiya kugwira kumudzi kwanu simutaya foni m'dzenje, mumasintha khadi basi nkumaimba.

Khadi lina lomwe ndikunenalo ndi Linux Mint, ndipo ndiloleni ndifotokoze pang'ono chifukwa ndazindikira kuti ambiri ku ofesi akamva mawu oti Linux amaganiza za sikirini yakuda yodzadza tizilembo toyera, zinthu za anyamata a ku yunivesite. Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds ali wophunzira ku Helsinki, Finland, mu 1991, nkuiika poyera kuti aliyense aone mmene inalembedwera, aikonze, aigawire anzake popanda kulipira. Ndiye amati open source zija. Mu 2004 munthu wa ku South Africa konkuno, Mark Shuttleworth, anatulutsa mtundu wake nkuutcha Ubuntu, liwu lomwe ife timati umunthu, ndipo mu 2006 Clément Lefèbvre wa ku France anatenga Ubuntu uja nkupangapo Linux Mint. Chomwe chinaitchukitsa Mint ndi chinthu chimodzi chooneka chaching'ono. Cha mu 2011 opanga mapulogalamu ambiri anayamba kusintha maonekedwe a kompyuta kuti azifanana ndi foni, GNOME 3, imodzi mwa maonekedwe a Linux, inachotsa menyu yakale, nayo Windows 8 mu 2012 inachotsa Start menu anthu nkusokonekera, koma a Mint anakana, anati anthu anazolowera batani la menyu pansi kumanzere, mzere wa mapulogalamu otsegula m'munsi, wotchi pakona kumanja, mafoda pa desktop, ndiye anapanga maonekedwe awoawo otchedwa Cinnamon osunga zonsezi. Palinso MATE ndi Xfce, zopepukirapo, za makompyuta ofooka, koma kakhalidwe kake nkomweko.

Mwina muziti nanga maonekedwe ali ndi ntchito yanji. Kwa ine amene ndimaima kutsogolo kwa ana ali ndi ntchito yaikulu zedi. Piriyodi ndi mphindi 40, pa kompyuta imodzi pamakhala ana atatu nthawi zina anayi, ndipo mwana wa Fomu 1 wochokera ku pulayimale ya kumudzi amakhala sanagwirepo mausi chibadwire, dzanja limanjenjemera, amaopa kuti akadina molakwika chinthucho chiphulika nkulipitsidwa makolo ake. Mwana ameneyu amafuna zinthu zokhala pamalo amodzi tsiku lililonse, zofanana ndi zithunzi za m'buku lake. Labu isanatsekedwe ndinali nditaika kale Linux Mint ya Xfce pa makompyuta asanu amene ankachedwa kwambiri kuyaka, ndinachita kugula bandulo ya usiku ndi ndalama zanga, fayilo yake ndi pafupifupi ma GB atatu, nkuiika pa fulashi imodzi yomwe inakwanira onse asanuwo. Sindinawauze ana. Mtsikana wina wa Fomu 2 anakhala pa imodzi mwa iwo, anadina menyu pansi kumanzere, anapeza pulogalamu yolembera, anataipa ndime yonse yomwe ndinawapatsa, anasunga mu foda yolemba dzina lake, kenako anakweza dzanja nkuti, "Aphunzitsi, iyi lero ikuthamanga bwanji, mwaipanga chani?" Funso lake linali lomwelo basi. Sanafunse kuti chakuti chili pati.

Tsopano madandaulo anga, ndiwatchula limodzilimodzi.

Choyamba, chigamulochi chinapangidwa osatifunsa ife amene timakhala ndi makompyutawa tsiku ndi tsiku. Alendo aja anakhala mu labu nthawi yosakwana ola. Akanandifunsa ndikanawaonetsa asanu aja, akanaona okha kuti kompyuta ya RAM (memore yomwe kompyuta imagwirira ntchito ikayaka) ya 4GB yomwe inkatenga nthawi yoti munthu nkupita kukamwa madzi nkubwerako isanayake, pano ikuyaka mwana asanamalize kukhala pa benchi. Opanga Linux Mint amanena okha kuti imafuna RAM ya 2GB, ngakhale 4GB ndiye yabwino, ndi malo a 20GB pa hard disk. Mint 22 inatuluka mu Julayi 2024 ndipo izilandira zotseka ziboo mpaka 2029. Ndiye mawu oti osatetezeka aja akugwira pa Windows yakaleyo, sakugwira pa chitsulo. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo pano amene akudya phulalo ndi ana oti sanalakwe chilichonse.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa ndipempha a komiti ya makolo mumvetsere. Makolo a sukulu yathu ndi alimi, ogulitsa tomato ndi makala, a kabaza. Ambiri fizi yeniyeniyo amalipira mwapang'onopang'ono, temu kutha ngongole ikadalipo. Awa ndi amene mukuti asonkhe za makompyuta atsopano, katundu wogulidwa ndi madola, pamene tonse tikudziwa kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti ndipo ndalama zakunja zikusowa ngakhale za mafuta ndi mankhwala. Komanso kugula kompyuta si mapeto, pamwamba pake pali layisensi ya Office, pali antivayirasi yolipira chaka ndi chaka. Tinene zoona, ndalamazo sizidzakwana chaka chino kapena chamawa, ndipo nthawi yonse yodikirayo labu idzakhala yotseka, ana awiri atatu a makolo opezako bwino azikaphunzira pa laputopu kunyumba, ena onse azilemba mayeso a chinthu chomwe anangochiona pabolodi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Makompyuta 24 ali m'sitolowo ndiye ali pamphuno. Linux Mint ndi yaulere, imabwera kale ndi LibreOffice, momwe muli Writer yolembera makalata, Calc yowerengetsera ngati Excel, Impress yopangira zoonetsa ngati PowerPoint, ndipo imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx ndi xlsx omwe ofesi yanu imatitumizira. Fulashi imodzi mutha kuyenda nayo masukulu khumi palibe wapolisi angakugwireni, chifukwa chilolezo chake chimalola kugawana.

Chachitatu ndi nkhani yomwe tonse timaidziwa koma sitiinena pamsonkhano. Windows ndi Office zambiri zomwe zili m'masukulu ndi m'mashopu otaipira mtauni muno si zogula, ndi zothyola, mnyamata amabwera ndi fulashi yake nkuika, pakona pa sikirini nkumaoneka timawu tokumbutsa kuti simunalipire. Ine ndimaphunzitsa mutu wa malamulo ndi khalidwe pa kagwiritsidwe ntchito ka kompyuta, ndimauza ana kuti kukopera pulogalamu popanda chilolezo ndi kuba, kenako mwana wochenjera amaloza pakona paja nkundifunsa kuti nanga izi. Ndimuyankhe kuti chani? Ndipo ngati mutakakamiza Windows 11 popanda bajeti ya layisensi, chomwe chidzachitike ndi chomwechi, anthu adzapeza njira zokhotakhota zoikira pa makompyuta osayenera ndi mapulogalamu othyola, zooneka bwino kunja ngati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mapulogalamu othyolawa ndi amene amabwera ndi mavayirasi. Mphunzitsi aliyense amaidziwa vayirasi ya pa fulashi ija yosandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut. Chaka chatha mnzanga wophunzitsa masamu anataipa mayeso a temu yonse, anapita nayo fulashi kokapirinta, pobwera mafoda onse atasanduka, anakhala pansi mu staff room manja ali m'mutu poti mayeso anali mawa lake. Tinailowetsa fulashiyo mu imodzi mwa makompyuta a Mint aja, mafayilo ake onse anaoneka ali bwinobwino, vayirasi inangowabisa, nayonso inaoneka poyera ngati kafayilo wamba tinangoifufuta. Mavayirasi olembedwera Windows sayenda pa Linux. Sindikunena kuti Linux singagwidwe ndi kalikonse ayi, koma matenda a fulashi amene amatizunza ife m'masukulu amathera pakhomo.

Chachinayi, amene anapanga chigamulochi akuoneka kuti amaganiza za sukulu yokhala ndi intaneti tsiku lonse. Ife tilibe. Bandulo timagula mwa apo ndi apo, magetsi nawo mukudziwa mmene amachitira. Pa Linux pali zinthu zopangidwira malo ngati athu. Pali Kiwix yomwe imasunga Wikipedia yonse pa hard disk mwana nkumafufuza popanda data, pali Kolibri yokhala ndi maphunziro a masamu ndi sayansi osafuna intaneti, pali Scratch yophunzitsira ana kulemba mapulogalamu, pali Tux Typing yozolowetsa zala pa kiyibodi yomwe ana a Fomu 1 amachita kulimbirana. Mint yokha ili ndi kapulogalamu kotchedwa Warpinator kotumizira mafayilo kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina mu labu momwemo, ndiye ntchito ya kalasi ndimatha kugawa osayenda ndi fulashi benchi ndi benchi. Ilinso ndi Timeshift, mwana akasokoneza zinthu umangobwezera kompyuta mmene inaliri dzulo. Ndipo akaunti ya ana siyingaike kapena kuchotsa pulogalamu popanda pasiwedi ya mphunzitsi, zomwe zimandipulumutsa ku ntchito yokonza Loweruka lililonse.

Chachisanu ndi mawu omwe ndinamva kuti ananenedwa, oti zaulerezi ndi zoseweretsa, ana akadzapita kuntchito adzakapeza Windows. Mabwana, foni ya Android yomwe mukuwerengerapo kalatayi mkati mwake muli Linux. Ku India m'chigawo cha Kerala masukulu a boma akhala akuphunzitsa ana pa Linux kwa zaka zambiri kudzera mu ntchito yomwe inayamba ndi dzina loti IT@School, pano amati KITE, ndipo ana amenewo ntchito akuzipeza. Apolisi a Gendarmerie ku France anasamutsa makompyuta awo zikwizikwi kupita pa Ubuntu. Mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza kuti makompyuta ake pafupifupi 30,000 apita pa LibreOffice ndi Linux. Awa ndi anthu oti ndalama ali nazo, akusankha okha. Ngakhale kwathu konkuno, DHIS2 yomwe a zaumoyo amasungiramo ziwerengero za zipatala ndi open source, inachokera ku yunivesite ya Oslo. Ndiye chinthu chomwe tikuchikhulupirira pa nkhani ya odwala tichikane pa nkhani yophunzitsa mwana kutaipa? Komanso ife sitiphunzitsa dzina la kampani, timaphunzitsa luso. Mwana wodziwa kulemba fomula yophatikiza manambala mu Calc akakhala pa Excel alemba yomweyo, wodziwa kupanga tebulo mu Writer sasochera mu Word. Wophunzira kuyendetsa pa galimoto ya Toyota sabwereranso ku sukulu yoyendetsa akapatsidwa Nissan. Amene adzasochere kuntchito ndi uyu tikumuphunzitsa pabolodiyu.

Chachisanu ndi chimodzi ndi sitolo ija. Ndinalowamo sabata yatha kukatenga choko. Makompyuta awaunjika pansi pafupi ndi matumba a simenti ndi makasu a ana olimira, denga lake limadontha pakona, mbewa ndiye nzosayamba. Mvula ikangoyamba chinyezi chilowa, mbewa zidya mawaya, ndipo pofika chaka chamawa adzakhaladi otha ntchito, mawu a alendo aja nkukwaniritsidwa ndi manja athu omwe. Akatero mapeto ake timawadziwa, kudzenje kuseri kwa sukulu nkuyatsa moto, utsi wa pulasitiki ndi mtovu ana nkumapuma. Anthu amene anatipatsa makompyutawa anawanyamula ulendo wautali kuti athandize ana, ife nkuwaolera m'sitolo akugwira ntchito, mawa tikapemphanso tidzayamba ndi mawu oti chani?

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse ndi zosalala. Mavuto alipo ndipo ndi bwino muwamve kwa ine. Mapirinta ambiri amangogwira ukalumikiza, koma alipo ena amavuta, yathu yakale inanditengera masana onse. Mapulogalamu ena a ofesi olembedwera Windows yokha sayenda, ndiye kompyuta ya a bursar kapena ya a hedi ngati ili ndi zotere isiyeni, ine ndikunena za labu ya ana. Fayilo ya Word yokongoletsedwa kwambiri nthawi zina ikatsegulidwa mu Writer mizere imasuntha. Mint kuyambira mtundu wa 20 mu 2020 inasiya kutulutsa ya makompyuta akale kwambiri a 32-bit, ndipo mwa athu 24 alipo atatu otere, amenewo afunika mtundu wina wopepuka ngati antiX, kapena angokhala ophwasulira kuti ana aone RAM ndi hard disk ndi maso, nalonso ndi phunziro. Nayonso Mint imafuna ma update, ndiye kabandulo pamwezi kafunikabe. Ndipo vuto lalikulu kuposa onse ndi anthu. Mzinda wa Munich ku Germany unasamukira pa Linux kwa zaka zoposa khumi, kenako mu 2017 khonsolo inavota kubwerera ku Windows, zifukwa zake anthu amatsutsanabe koma ena mwa madandaulo anali ochokera kwa ogwira ntchito amene ankavutika kusinthana mafayilo ndi maofesi ena. Ndiye mukangotumiza fulashi popanda kuphunzitsa aphunzitsi, mnzanga wa sukulu ina akakakamira pa pirinta adzangoitana mnyamata uja wa Windows yothyola, tabwerera pomwe tinali.

Pali chinanso chomwe chimandikhudza mtima ine ndekha. Mapulogalamuwa poti ali poyera, aliyense atha kuthandiza kuwamasulira m'chilankhulo chake, a Mint amalandira omasulira ongodzipereka kudzera pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Launchpad. Ndimaganiza za kalabu ya ana a Fomu 3 atakhala pansi ndi mphunzitsi wa Chichewa kukambirana kuti pa batani lija tilembe kuti Sunga, apa Tsegula, apa Tseka, apa Fufuta, mpaka agogo awo atabwera pa tsiku la makolo nkutha kuwerenga okha zomwe zili pa sikirini. Mwana amene wachitapo zimenezi amasiya kuiona kompyuta ngati chinthu cha eni ake. Ndi Windows khomo limeneli ndi lotseka, ndi Linux ndi lotsegula, changotsala ndi chilolezo chanu.

Choncho mwaulemu ndikupempha zinthu izi:

1. Chotsani loko pa labu sabata ino ndipo makompyuta atuluke m'sitolo mvula isanayambe. Asanu amene ali kale pa Linux Mint ayambe kugwira ntchito tsiku lomwelo, a Fomu 4 akhale oyamba chifukwa nthawi yawo yatayika kale.

2. Imitsani kaye msonkho wa makolo wogulira makompyuta atsopano. Ngati pali ndalama zasonkhedwa kale, komiti ikhale pansi ndi makolo, iwauze zoona zake, ndipo akavomera zigule zinthu zazing'ono zomwe zingatalikitse moyo wa omwe tili nawowa, RAM yowonjezera, ma SSD (zosungira mafayilo zothamanga kuposa hard disk), makiyibodi ndi mausi zosintha zothyoka, ndi zotetezera magetsi akabwera mwamphamvu.

3. Kompyuta isalembedwe kuti ndi yotha ntchito isanayesedwe. Kuyesa kwake nkosavuta, Linux Mint imayaka kuchokera pa fulashi osafufuta kalikonse mkati, mphindi khumi zokha mwadziwa ngati sikirini, kiyibodi, mawu ndi netiweki zikugwira. Woyendera aliyense aziyenda ndi fulashi yotere m'thumba, ndipo mphunzitsi wa phunzirolo azikhalapo ndi kusainira.

4. Tulutsani kalata yomveka bwino yonena kuti masukulu ndi ololedwa kuika Linux ndi LibreOffice mu labu. Mahedi ambiri sakukana chifukwa chodana nazo, akuopa kudzafunsidwa kuti anakulolani ndani.

5. Mutifunsire kwa oyendetsa mayeso, ndipo yankho libwere polemba, kuti mwana wochita mayeso a pa kompyuta pogwiritsa ntchito Writer ndi Calc sadzachotseredwa malikisi chifukwa cha dzina la pulogalamu. Ili ndi funso lomwe mphunzitsi aliyense amandifunsa ndikamuonetsa Mint, ndipo ine sindingaliyankhe pandekha, ndi inu muli ndi njira yofikira kumeneko.

6. Konzani maphunziro a masiku awiri pa holide a aphunzitsi a makompyuta m'dera lino. Sipakufunika hotela kapena kupita kunyanja, labu yathu yomweyi ikwana, aliyense abwere ndi fulashi yake abwerere atadziikira yekha kamodzi kapena kawiri, atalumikiza pirinta, atapanga akaunti ya ana. Ine ndadzipereka kuphunzitsa popanda alawansi, mungoganizira thiransipoti ya anzanga ochokera kutali.

7. Yesani kaye pa masukulu ochepa kwa temu imodzi, kenako mubwere mudzafunse ana ndi aphunzitsi, muwerenge kuti makompyuta angati akuyakabe, angati agwidwa ndi vayirasi, ndalama zingati zatuluka. Zikakanika mudzanene poyera, ine ndidzavomera pamaso pa makolo.

8. Amene afadi, chifukwa ena adzafa ndithu, pakhale njira yowasonkhanitsira pamodzi mosamala, zida zabwino zichotsedwe zikakonzere ena, asawotchedwe kuseri kwa makalasi.

Anzanga aphunzitsi amene mukuwerenga, ngati kwanunso labu yatsekedwa pa chifukwa chomwechi, kapena makompyuta angokhala poti Windows inafa, tumizani kalatayi kwa a hedi anu ndi a komiti, ikani m'magulupu a WhatsApp a makolo, ndipo lembani nanunso zomwe mwaona kwanuko kuti akuluakulu adziwe kuti si munthu mmodzi akulankhula. Makolo, musanapereke ndalama funsani kuti makompyuta akalewo awayesa ndi chani.

Mabwana ndi madona, Lachitatu lililonse masana ndimakhala ndilibe kalasi. Bwerani ndi kiyi wa loko uja, musankhe nokha kompyuta iliyonse m'sitolomo, ngakhale yafumbi kwambiri ili pansi pa zinzake, ine fulashi ndili nayo m'thumba la malaya. Tidzaitane mwana mmodzi wa Fomu 1 adzakhale pamenepo inu mukuona.

Ine wanu pa ntchito ya ana,
Mphunzitsi wa Computer Studies pa sekondale yoyendera